Chaka chimene ndinaletsa Chitswana pakhomo panga

Mwana wanga wachisamba anali wolongolola. Asanakwanitse zaka ziwiri anali kale ndi mawu ake: "amama", "madzi", "bayibayi", ndi "dumela", moni amene anatola kwa mayi wa Chitswana woyandikana nafe ku Maruapula, mumzinda wa Gaborone. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndiye makasitomala ankayamba alandira moni wake asanandiuze za madiresi awo.

Kenako anadwala khutu. Thupi linatentha ngati mbaula, mafinya kutuluka, masiku asanu tili m'chipatala. Kuchira anachira, koma ndinabwerera kunyumba ndi mwana wa duu. Ndikamuitana, osacheuka. Ankangokhala pansi pa mashini anga n'kumandandalika mabatani mzere umodzi, ndipo ukangosuntha limodzi, mayo ine, kulira kwake! Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anasiya kunditchula amama.

Amalawi anzathu akutchalitchi, eee, aliyense anasanduka dokotala. Koma amene anagamula mlandu ndi alamu anga, mlonda wa ku Sebele amene sanalerepo ndi mphaka yemwe.

"Alamu, mwanayu mwamusokoneza nokha," anatero. "Chichewa, Chizungu, Chitswana, zonsezo m'kamutu kamodzi? Sankhani chimodzi."

Ine ndi kupusa kwangaku ndinati zoonadi.

Tsiku lomwelo ndinakhazikitsa lamulo: pakhomo pano Chichewa basi. Wailesi ndinazimitsa. Bambo ake akangoiwala n'kuthokoza m'Chitswana, ndinkawayang'ana ndi diso loti anangotsala pang'ono kupepesa kwa mpando. Makasitomala ndinkawayeza m'chiuno monong'ona, ngati tikugulitsana katundu wakuba.

Ndiye ndinapita pampanda kukawauza aneba aja kuti asamupatsenso mwana wanga moni wawo. Ndinanena mwaulemu, komabe ndinanena. Iwo anangondifunsa kuti moni wa kwathu timati chiyani. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akamatsegula geti ankakuwa "wadzuka bwanji" wopindikapindika, woti ngakhale ine ndinkavutika kumuzindikira. Mwana ali zii, maso pa mabatani.

Chaka chathunthu chinatha choncho. Chichewa chinali mbwee m'nyumba, koma mwana osatulutsa liwu.

Nditatopa ndinapita naye kwa dokotala wa ana. Anamuyeza makutu, akumva bwinobwino. Anamuonerera akusewera, anandifunsa mafunso mpaka kukhosi kuuma, pomaliza anati ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Ndinafunsa ngati ndi khutu lija. Anati ana ena otere amataya mawu pamsinkhu womwewo, ena atangodwala kumene, koma sangandinamize kuti matendawo ndiwo anachititsa.

"Nanga zilankhulo zitatuzi?" ndinafunsa.

Anavula magalasi. "Mayi, zikanakhala choncho, bwenzi ana onse a mu Gaborone muno ali osalankhula."

Manyazi anandigwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo. Alamu aja ndinawaimbira foni ndili panja pa chipatala pomwepo, ndipo zimene ndinawauza sindingazilembe pano.

Madzulo ake ndinapita pampanda kukapepesa. Aneba anangoseka, amvekere Chichewa chinkawapweteka nsagwada.

M'mawa mwake ndili pamashini, geti lawo linalira, ndipo anakuwa monga kale: "Dumela!"

Pansi pa mashini, kamawu kosasa, osadzutsa n'komwe mutu: "Dumela."

Singano inandibaya chala, sindinamve. Ndinalira, aneba analira, diresi la eni ake linanyowa. Ndipo ndisaname, nsanje inandigwiranso. Chaka chonse ndakhala ndikugwada pamaso pake kumupempha "amama", iye n'kukayankha munthu wa kuseri kwa mpanda!

Pano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mawu ali nawo owerengeka, ena a Chizungu, ena a Chitswana, ndipo ndimawalandira onse ndi manja awiri. "Amama" sanabwererebe, ndikudikira. M'mawa uliwonse ndisanayambe kusoka ndimawerama pansi pa mashini n'kunena "dumela", moni womwe uja ndinauthamangitsa pakhomo panga, ndipo mwana wanga amandiyankha.