Nyimbo Yoyezera Macheka

Ine ndine woyimba, mundikhululukire. Posinja ndimayimba, pochapa ndimayimba, pamaliro anthu amayang'ana kaye kumene ndakhala kuti nyimbo ituluke. Tiyi wa m'mapiri a Honde ndinamuthyola kuyambira ndili namwali mpaka msana unati basi, ndipo dengu langa linkadzaza pawiri, masamba pansi, nyimbo pamwamba. Koma ilipo nyimbo imodzi imene ndinayimba mtima ukukana. Imeneyo ndiyo ndikufuna kunena.

Amuna anga sanathyolepo tiyi. Iwo anali a kumitengo. Pajatu tiyi sauma yekha, amafuna moto, moto umafuna nkhuni, ndiye esiteti inadzala bulugamu mapiri athunthu kuti fakitale izidya. Ogwetsa bulugamuyo anali amuna anga ndi gulu lawo, ndi macheka a injini, aja achinyamata amati tchenisowo. Chitsulo chachitali chimene tcheni imathamangapo mozungulira, iwo ankachitcha lupanga. Lawo linali lalitali kuposa la aliyense. Akaliza injini, vuuu! phiri lonse linkayankha. Ine ndili kutsidya m'mizere ya tiyi ndimvekere, ameneyo ndi wanga, ameneyo ndi wanga, dengu n'kupepuka.

Ku gulu lawo kunali mwambo. Munthu watsopano akafuna macheka aakulu, sankamufunsa zaka, sankamuyang'ana minofu. Ankamupatsa machekawo injini ili zii, anyamule ndi manja awiri, lupanga litaloza kutsogolo osakhudza pansi. Gulu lonse n'kuyamba nyimbo yogwetsera mitengo. Nyimbo ikatha lupanga lili chiimire, machekawo ndi ake. Nsonga ikagunda dothi nyimbo isanathe, ankamupatsa aang'ono, azikasadza nthambi. Sichinali chipongwe ayi. Macheka aakulu akagwidwa ndi mkono wotopa amamenya theche: nsonga ikangokhudza chinthu, lupanga limadumphira kumaso kwa mwini wake. Amuna anga anayeza anyamata ambiri ndi nyimbo imeneyi, ndipo ankanyadira kuti mwa onse amene anadutsa m'manja mwawo palibe anavulala kumaso.

Atapuma ntchito tinatuluka mu komboni, tinamanga kanyumba kathu kumunsi, m'njira ya ku Hauna, pakati pa nthochi. Ndiye zinabwera zaka zija, zaka zija, mayi wanga ine! Masitolo a pa Hauna anatsala mashelefu okhaokha. Magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira n'kubwerera. Aphunzitsi, anamwino, onse amene ankaphikira pa sitovu anayamba kufunsa nkhuni. Ukapita ndi mtolo unkabwera ndi sopo, kapena mchere, kapena kachitini ka chimanga. Esiteti inkatilola ife opuma ntchito kutola nsonga za bulugamu zotsala pogwetsa, ndi zitsa za tiyi wakale amene ankamuzula. Nkhuni zinalipo. Chimene chinasowa ndi phewa.

Phewa lakumanja la amuna anga linali litayamba kukana. Nkhwangwa ikatsika pang'ono, nkhope inkakwinyika, iwo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, maso kuphiri. Ine ndawaona amuna opuma ntchito akakhala pansi chonchi. Amayamba ndi kukhala chete, kenako chakudya chimatsala m'mbale, kenako amatiitana ife oyimba. Imeneyo sindinafune kuyimba, imeneyo ayi.

Mwana wathu wachisamba anali ku Joni, ankatsuka mbale mu hotela. Tsiku lina anaimba pa foni ya aneba, ife titakwera pachulu pamene mawu ankamveka bwino. Anati, "Amayi, auzeni abambo asiye nkhwangwa. Ndiwagulira macheka a injini. Koma ine za macheka sindizidziwa, tumizani ulusi."

Ulusi umenewu ndi mwambo wathu ife a ana ku Joni. Ukafuna nsapato, umayeza phazi ndi ulusi, n'kudula, n'kutumiza. Ukafuna siketi, umazunguliza m'chiuno, n'kudula. Nambala imanama, nambala ya kuno si ya uko, koma ulusi sunama. Wonyamula ulusi anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankapita ku Joni kukagulitsa nsalu zoluka, ndipo ulendo wake unali wa Lolemba.

Amuna anga atamva, anadzuka pansi pa mapeyala paja ngati mnyamata. Anasolola ulusi wa thumba la feteleza, anauika paphewa, anautambasula mpaka kunsonga ya chala, n'kudula ndi mano.

"Ili ndiye lupanga langa."

Ine mtima phaa! Ndinati, "Bambo, ulusi wonsewu? Mukufuna kukagwetsa phiri?"

"Mayi, inu munathyola tiyi. Zamitengo zisiyeni."

"Ndazisiya. Koma nkhuni zathu ndi nsonga ndi zitsa, zonenepa ngati ntchafu yanga basi."

"Macheka aang'ono ndi a osadza nthambi. Ine ndisadze nthambi? Ine? Anthu akamve kuti chiyani?"

"Nanga petulo? Akubwera m'mabotolo kuchokera ku Mozambiki, kuwoloka mtsinje pamutu. Aakuluwo amamwa ngati ng'ombe."

"Adzamwa wanga, osati wanu."

Ulusi anaupinda bwinobwino n'kuuika m'thumba la jekete la kutchalitchi. Tsiku limenelo anamaliza chakudya chonse, anapempha china. Onani tsono pamene ndinaima ine. Ndikakana zolimba, abwerera pansi pa mapeyala. Ndikalola, chilombo chibwera m'nyumba, chidzagwidwa ndi phewa lokana, ndipo tsiku lina adzandibweretsera munthu wanga pa wilibala. Ine ndinkawafuna athunthu, mkono ndi mtima womwe.

Ndinapita kwa sahwira wawo. Kuno kwa anzathu Achimanyika, sahwira ndi bwenzi limene limaloledwa kukunyoza paliponse, ngakhale pamaliro pako, ndipo sukwiya. Wa amuna anga anali mkulu wina wa gulu lomwe lija, wocheperako zaka, yemwe anali akadali pantchito yosamala macheka a esiteti. Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Pajatu kuno agogo aakazi amati mbuya, aamuna amati sekuru. Anati, "Mbuya, musadandaule. Lamulungu ndibwera ndi chilombocho. Inu mubwere ndi pakhosi."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, uyo akutsika ndi macheka aakulu paphewa, omwe aja amuna anga ankagwira. Anawaika pabwalo, n'kukuwa, "Iwe nkhalamba ya ku Nyasalande, tuluka! Ndamva ukufuna kukwatira mkazi wako wakale."

Amuna anga anatuluka akumwetulira. Anagwada, anasisita lupanga, anayesa mano a tcheni ndi chala. "Ndani akunola izi? Tupa munagulitsa?"

"Tupa tinadya, sekuru, kuli njala. Siya zimenezo. Iwe unatiimika tonse pa nyimbo. Ine unandipatsa aang'ono chaka chathunthu, ndinasadza nthambi mpaka kulota nthambi. Lero ndi tsiku lako. Lamulo ndi lako lomwe."

"Ine ndiyezedwe?"

"Kapena ukuopa?"

Amuna anga anavula jekete, anandipatsa ine. Anapinda malaya. Ananyamula, lupanga n'kuloza kunthochi, nganganga. Anandiyang'ana. "Mayi, yambani."

Nyimboyi ndinkaidziwa, ndinaimva zaka zonse ikutsika m'phiri. Ndinayamba:

Gwa, mtengo, gwa,
usagwere kuno, kuno kuli ana.
Gwa, mtengo, gwa,
gwera kutsetse, fakitale ili ndi njala.

Sahwira ankavomera ndi mawu ake aakulu. Ndime yoyamba inadutsa, amuna anga ali njo, chibwano m'mwamba. Ndinawaona mmene ndinkawaonera kale, ndinatsala pang'ono kululuta. Koma nyimboyo ndi yaitali, imatchula phiri lililonse limene anagwetsako mitengo, limodzilimodzi. Tili pakati, ndinaona chigongono chakumanja chikuyamba kunjenjemera. Thukuta linatsika m'khosi. Nsonga ya lupanga inayamba kuwerama pang'onopang'ono, ngati mutu wa munthu wosinza mu tchalitchi.

Apa ndiye panali nkhondo yanga. Woyimba ndi ine. Ndikanatha kuthamangitsa, ndikanatha kudumpha mapiri awiri n'kufika kumapeto, iwo n'kupambana, n'kuseka, n'kundinyamula. Maso awo anali pa ine, ndipo ndikudziwa chimene ankapempha. Pakamwa panga pankafuna kuwapatsa. Koma ndikawapatsa, ulusi wautali uja ukwera basi mawa lake. Ndinatseka maso, ndinayimba phiri lililonse, osathamanga, osachedwa, mmene iwo ankayimbira poyeza ana a eni. Misozi inkalowa m'kamwa, ine ndikuyimbabe.

Ndinamva kuti gu! Nditatsegula maso, nsonga ili m'dothi.

Ngakhale sahwira, pakamwa pake posatseka paja, anangoyang'ana nkhuku. Amuna anga anaika macheka pansi mwaulemu, anagwira phewa, anatenga jekete m'manja mwanga osandiyang'ana, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kuseriko ndi kumene kuli mtengo wa mapeyala. Ndinati, ndawapha, ndawapha ndi nyimbo yanga.

Ndinatsatira mwakachetechete. Pamapeyala panalibe munthu. Ndinawapeza pa mulu wa nkhuni, atagwada, akugubuduza zipika. Anasankha chonenepa kuposa zonse, chitsa cha bulugamu chimene chinawakanika ndi nkhwangwa. Anatulutsa ulusi m'jekete, anaugoneka pamutu pa chipikacho kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, anawonjezera zala zitatu, n'kudula ndi mano. Unatsala wochokera pachigongono kufika pachikhatho.

Anayankhula osatembenuka. "Lupanga liyenera kuposa chipika ndi zala zitatu basi. Kupitirira apo ukungonyamula chitsulo, ukungonola mano osagwira ntchito. Ndinkawauza anyamata tsiku lililonse." Anaima, anandipatsa ulusi waufupiwo. "Musaganize kuti ndagonja, mayi. Mitengo ya masiku ano ndiyo yawonda."

"Yawonda zedi, bambo. Njalayi yagwira ndi mitengo yomwe."

Sahwira anali atafika kumbuyo kwathu. Anati, "Maiwe, takulandirani kwa osadza nthambi, sekuru! Mpando wanu tinakusungirani."

"Choka iwe. Ukanole tcheni imeneyo, ikuchititsa manyazi."

Chidutswa chotsala cha ulusi ndinamangira nkhuku mwendo.

Tinadikira, tinadikira, mvula inayamba, mayi wa nsalu zoluka anabwera. Anatsika kombi, minibasi ya kuno, pa Hauna ndi zikwama zake za mafuta ophikira ndi mpunga, pakati pake katoni yathu. Amuna anga anaitsegulira pabwalo, aneba atazungulira. Anatuluka macheka ofiira, aafupi, opepuka ngati mwana wa mbuzi. Ulusi wathu unali womangidwa pa lupanga, mwana wathu anaumangirira kuti tione kuti sanaphonye. Mayi wina anati, "Koma ndi kamwana!" Dzina linakhala lomwelo, mpaka pano timati kamwana.

Koma kamwana kameneko, abale! Botolo limodzi la petulo, wosakaniza ndi oilo mmene iwo ankadziwira, kankadula mulu woti ine n'kulephera kuutuntha. Zitsa za tiyi, zolimba ngati fupa, kankangodutsa fyuu. Ankakagwira pafupi ndi thupi, phewa silinkadandaula. Madzulo ankakhala pakhonde ndi tupa, dzino ndi dzino, akuimba mluzu. Aphunzitsi ankabwera okha ndi mawilibala. Amasiye a m'dera lathu ankangowatumira mawu, iwo n'kupita kukawadulira, kubwera atanyamula phava la nthochi, kapena osanyamula kanthu koma akuyenda ngati kapitawo. Mpando wa pansi pa mapeyala unamera ndere.

Koma ndadumpha. Ndibwerere pa tsiku la katoni lija, chifukwa ndi pamene pali kukoma. Asanathire petulo, asanalize injini, amuna anga anavula jekete. Anapinda malaya. Ananyamula kamwana ndi manja awiri, lupanga kuloza kunthochi. Anati, "Lamulo ndi lamulo. Mayi, yambani."

Ndinayamba. Gwa, mtengo, gwa! Aneba anavomera, sahwira anavomera. Ndinatchula phiri loyamba, lachiwiri, onse mpaka lomaliza, lupanga lili nganganga. Nyimbo inatha.

"Mwatha?" anafunsa. "Ine sindinathe."

Ndinabwereza kuchokera pachiyambi. Inathanso, iwo ali chiimire, akundiyang'ana ndi diso lachipongwe. Ndinayamba kupeka zanga. Ndinayimba za nthochi, ndinayimba za nkhuku yomangidwa mwendo, ndinayimba za mayi wa nsalu zoluka ndi zikwama zake, ndinayimba za mwana wanga wotsuka mbale ku Joni, adalitsike, adalitsike! Mawu anayamba kusasa. Ine amene sindinagonjepo pa kwaya, ine amene ndimachezera pamaliro osamwa madzi, ndinakhala pansi pa dothi, ndinakweza manja.

"Bambo, tsitsani, nyimbo zandithera!"

Anatsitsa pang'onopang'ono, mwa kufuna kwawo. Anatembenukira kwa sahwira n'kunena, "Uyu mumupatse dengu laling'ono."