Tsamba Loyamba pa Mzere wa Feteleza

Chaka chimene ndinkalemba buku langa ndinali mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Santhe. Nkhani ndinali nditailemba kale yambiri, makope atatu odzaza, koma tsamba loyamba linandizunza miyezi ingapo. Ndinkalemba, kufufuta, kulembanso, mpaka amuna anga anayamba kundifunsa ngati ndikulemba buku kapena ndikungomaliza mapensulo.

Makuponi atabwera, apongozi anga, omwe miyendo inkawavuta, anandituma kuti ndikawatengere feteleza. Ndinalawirira, koma ndinapeza mzere utakhota kale mpaka kuseri kwa chigayo. Podziwa kuti pamenepa nditha tsiku, ndinayala chitenje pansi n'kutulutsa kope langa.

Kutsogolo kwanga kunali bambo wina wachikulire wa chipewa chamlaza. Anandiuza kuti kwawo ndi ku Thyolo, anabwera ngati tenanti wa fodya, kenako anakwatira konkuno n'kukhazikika. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wamtali, wa mawu aakulu, amene ankasenda mtedza n'kumagawira aliyense.

"Aphunzitsi, mukuchonga mayeso pamzere?" anafunsa bamboyo.

Ndinawauza kuti ndi buku la nkhani, ndipo chikundivuta n'chiyambi chake.

"Tatiwerengereni. Kaya tikupita kuti ife?"

Ndinakonza pakhosi n'kuyamba. Chiyambicho ndinkachinyadira kwambiri. Munali dzuwa likutuluka pamwamba pa minda ya fodya, mame pamasamba, utsi wa m'midzi, njiwa zikulira. Nditafika pakati pa tsamba lachitatu, bamboyo anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi.

"Pepani amayi. Dzuwa limeneli latuluka masamba atatu, munthu sanadzukebe m'mudzimo?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndinatsegula chiyambi china chimene ndinasunga kumapeto kwa kope, cha maliro, anthu atanyamula bokosi mvula ikugwa. Mayi wa mtedza anandidula ndisanathe ndime.

"Iyayi, aphunzitsi. Tilire bwanji munthu amene sitikumudziwa? Tsekani kaye kopelo. Nkhaniyo ndi ya ndani?"

Ndinatseka. Ndinangowauza pakamwa, monga mmene timachezera pachitsime, kuti pali mtsikana wina amene anakwera lole ya matenanti kutsatira mwamuna amene anamulembera kalata yomuitana. Anatsika pa esiteti ndi kathumba kake ndi poto mmodzi. Atafunsa nyumba ya mwamunayo, chitseko anatsegula ndi mkazi wina, woyembekezera, atavala malaya amene mtsikanayo anasokera mwamunayo ndi manja ake.

Mayiyo anasiya kusenda. "Ndiye anatani?"

"Lole inali itabwerera?" anafunsa wina amene sindinamuone n'komwe kuti akumvetsera.

Pomwepo mzere unasuntha, koma pamalo pathu panalibe amene anadzuka. A kumbuyo anayamba kukuwa kuti ngati sitikufuna feteleza tipatuke. Tinasendera chothamanga, mayiyo atandigwira mkono kuti ndisatayike.

"Zimene mwanenazi zili pati m'bukumo?" anafunsa mayiyo titakhalanso.

"M'kope lachiwiri, chapakati."

"Ha! Ndiye ife tiyende kope lathunthu kuti tikafike pachitsekopo? Yambirani pomwepo, munthu ali ndi poto m'manja."

Bambo uja anatsutsa pang'ono. Iwo anati ndiyambire palole, chifukwa anaikwerapo, ndipo akudziwa mmene mtima umagundira ukamaona mapiri akwanu akutha n'kutsala dziko lathyathyathya. Anakangana awiriwo kwa nthawi ndithu ngati buku ndi lawo, ine ndikungolemba zonena zawo pachikuto.

Feteleza anatha tsiku limenelo kutatsala anthu ochepa kutsogolo kwathu. Mmawa mwake ndinabwera nditalemba chiyambi chatsopano, ziganizo zisanu zokha. Ndinatenga za onse awiri: mtsikana akutsika, lole ikutembenuka, iye akugogoda. Ndinawapeza atandisungira malo, ndipo anali ataitana ena. Nditawerenga, mayiyo anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti tsopano munthu akhoza kupsereza ndiwo akuwerenga bukuli. Bamboyo anangodandaula kuti lole yachoka msanga.

Matumba awiri a apongozi ndinawapeza masana, n'kuwakweza pa njinga ya kabaza. Bukulo ndinalimaliza patapita zaka ziwiri. Silinasindikizidwe, koma aphunzitsi anzanga analibwerekana mpaka zikuto zinathothoka, ndipo mmodzi anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa mtsikanayo sanabwerere kwawo.