Amene Anakhwefula Nsambo za Malemu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene katundu wa malemu bambo anafika kuchokera ku migodi ya ku Joni, m'masiku a chitaganya. Thupi lawo silinabwere. Mesenjala wa kuboma anatula pabwalo pathu, m'mudzi wina kufupi ndi Nsipe, bokosi lachitsulo, mtolo wa zofunda ndi gitala yokulunga m'chiguduli, pamodzi ndi pepala limodzi. Pepalalo ndili nalo mpaka lero, ndipo wofuna kutsutsa zimene ndikulemba pano abwere adzaliwerenge. Anandandalikapo mabulangete awiri, jekete, nsapato, bokosi ndi gitala. Za mmene bambo anafera analembapo liwu limodzi lokha, lakuti ngozi. Munthu anawakumbira miyala zaka zisanu ndi zitatu, iwo n'kuona kuti liwu limodzi likwanira.

Kwathu katundu wa womwalira sankakhudzidwa kufikira tsiku lometa komaliza, pamene akuluakulu amamasula wamasiye ndi kugawa zinthu. Tinali anthu opemphera, koma mwambo uwu ankausunga ndi akulu a mpingo omwe. Bambo aakulu, a Yotamu, achimwene awo a malemu, anaika bokosi pakona m'nyumba ya amayi, ndipo gitala anaikoloweka okha pamtanda wa denga. Poikoloweka inagunda khoma n'kulira, amayi n'kuyambiranso maliro.

"Chilichonse chikhale mmene ndachisiyiramu, mlamu," anatero a Yotamu. "Miyezi itatu si chaka."

Amayi anali mtengwa wochokera ku Bwanje, ndipo kwawo kunapita ng'ombe za lobola. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa tanthauzo lake: atati achotsedwe pamudzi, akanapita okha. Ine ndi mlongo wanga Gidiyoni, yemwe anali asanathe zaka ziwiri, tinali a pamudzipo.

Chimene a Yotamu sankadziwa n'chakuti gitalayo ine ndinkaidziwa. Pamene bambo anabwera kutchuthi komaliza anakhala miyezi isanu, ndipo masana ankakhala m'kamsasa kumunda wa mbatatesi, kutali ndi mudzi. Ine ndinkawaperekera chakudya. Tsiku lina anandiika gitala pamiyendo, n'kundigwira zala kuziika pansambo. Zinapweteka ngati ndagwira mpeni kukamwa kwake, koma mawa lake ndinapemphanso. Anandiphunzitsa kukunga nsambo ndi khutu: udinikize nsambo yaikulu pamzere wachisanu, uimvetsere, kenaka ukunge yotsatira mpaka ziwirizo zilankhule mawu amodzi. Anandiphunzitsa nyimbo ziwiri. Anandiuzanso chinthu chimene ankachibwereza kawirikawiri, kuti gitala ikakhala yosaimbidwa m'nyengo ya chinyontho uyenera kukhwefula nsambo, apo ayi zimakoka kathabwa kamene zimamangidwapo mpaka kamatuke, khosi nalo n'kupindika.

Atabwerera ku Joni ndi gitala yawo, ndinatola kathabwa ka bokosi la sopo, ndinajambulapo mizere ndi khala, n'kumangapo ulusi wa khonje usanu ndi umodzi. Zaka ziwiri ndinkayendetsa zala pakathabwa kosalira kameneko kuseri kwa khola, nyimbo ndikuimvera m'mutu. Anthu ankati ndikusewera chidole.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa mosalekeza, ndipo denga la amayi linkadontha chakumtanda komweko. Tsiku lina masana, amayi atapita kukapalira ndi Gidiyoni kumsana, ndinali ndekha m'nyumba kupeta nyemba. Ndinamva kuti the! pamwamba panga. Ndinataya lichero n'kuthawira panja, poganiza kuti bambo abwera. Nditaima pabwalo, nzeru zinabwerera. Ndinalowanso, ndinakwera pamtondo, n'kuyang'ana. Kathabwa ka pagitala komangapo nsambo kaja kanali katayamba kudzuka mbali imodzi, moti udzu ukanalowa pansi pake.

Ndinaima pamtondopo nthawi yaitali. Mawu a a Yotamu ndinkawakumbukira, mawu a bambo ndinkawakumbukiranso. Ndinkakhulupirira ndithu kuti ndikakhudza, dzanja langa liuma kapena wina afa. Koma ndinkaonanso kuti miyezi iwiri yotsalayo gitala siifika. Ndinapemphera Atate Wathu mpaka kumapeto, kenaka ndinagwira kachikhomo koyamba kokungira nsambo n'kupotokola. Nsambo inadandaula ikutsika mawu. Ndinakhwefula zonse zisanu ndi imodzi, chimodzimodzi, monga anandiphunzitsira. Dzanja silinaume. Ndinabweza mtondo pamalo pake, n'kutola nyemba imodziimodzi.

Patapita masiku anayi Gidiyoni anayamba kutsokomola. Sichinali chifuwa wamba. Ankatsokomola mpaka nkhope kuda, kenaka n'kukoka mpweya ndi kaphokoso ngati ka tambala wamng'ono, n'kusanza. Nthawi iliyonse akayamba, ine ndinkabisa dzanja langa lamanja m'khwapa.

A Yotamu anabwera kudzazonda mwana. Anakhala pampando, anayang'ana mwanayo, kenaka anakweza maso. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Iwonso anakhalako ku Joni, ndipo ngakhale sankaimba, ankadziwa maonekedwe a nsambo yokunga.

"Mlamu, ndani wagwira icho?"

"Palibe, alamu," anayankha amayi.

"Palibe? Nsambo imodzi itha kukhwepa yokha. Koma zonse, molingana chonchi? Izi wachita ndi munthu wodziwa gitala. Inu mumadziwa gitala?"

"Ayi."

"Nanga m'nyumba ya mkazi wamasiye mukulowa ndani wodziwa gitala?"

Amayi anangoyang'ana pansi. Ine ndinali pakhomo, ndi mphika wa madzi m'manja, ndipo sindinanene kanthu.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itamanga kale mfundo. M'mudzi woyandikana nawo munali mnyamata wina, Lufeyo, wobwera kuchokera ku Halale, amene ankaimba gitala m'mabwalo a mowa. Anali atabwerapo kamodzi kudzapepesa maliro, monga anachitira anthu ena onse. Anthu anati ndi iyeyo. Anati chifuwa cha mwana ndi umboni, chifukwa mayi wamasiye akasokoneza mwambo nthawi isanakwane, chilango chimagwera mwana. Azakhali analanda Gidiyoni n'kupita naye kunyumba kwawo, ati asadyenso chakudya chothira mchere ndi dzanja la amayi. A Yotamu anatuma munthu panjinga ku Bwanje kukaitana amalume, kuti adzatenge mlongo wawo.

Masiku atatu ndinakhala chete. Ndikulemba nambala imeneyi mosachepetsa, chifukwa ndinawawerenga. Mjigo kunalibe nthawi imeneyo, tinkatunga pachitsime, ndipo amayi akafika akazi ankasiya kulankhula. Ankamva mwana wawo akutsokomola kuseri kwa mpanda wa azakhali, iwo n'kuima pakhonde atagwira nsanamira. Ine ndinkafuna kunena, koma ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti ndikaulula, onse adziwa kuti Gidiyoni ndikumupha ndine. Ndinakataya kathabwa kanga kaja m'dzenje la zinyalala, kenaka ndinakakatolanso, kenaka ndinakakwirira.

Amalume anafika tsiku lachitatu, matope mpaka m'mawondo, ataikankha njinga phiri lonse. M'mawa mwake anthu anasonkhana pakhonde pa a Yotamu, amuna pamipando, akazi pamphasa. Amayi anakhala okha pakati, mpango wakuda kumutu. Gitala inatsitsidwa ndi a Yotamu eni ake n'kugonekedwa pachikumba cha ng'ombe kuti onse aone.

A Yotamu analankhula nthawi yaitali. Amalume anafunsa mlongo wawo katatu, ndipo katatu konse amayi anati, "M'nyumba mwanga simunalowe mwamuna." Atafunsidwa kuti nanga wagwira ndani, anakhala duu.

"Mwamva nokha," anatero a Yotamu. "Achimwene, mutengeni. Ana atsala."

Amayi anayamba kudzuka. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangozindikira ndagwada pakati pa bwalo, mawondo m'matope.

"Ndine," ndinatero. Mawu sanatuluke bwino, ndinabwereza. "Ndinakhwefula ndine, bambo."

Wina anaseka, ena n'kutsatira.

"Taonani, amuphunzitsa mwana bodza!" anatero azakhali. "Iwe Edina, chokapo apa. Nsima yomwe umapsereza, ndiye gitala?"

"Mwana wamkazi," anatero a Yotamu, akupukusa mutu. "Mlamu, mpaka kubisala kumbuyo kwa kamwana?"

Apa m'pamene mantha anga anasintha. Masiku atatu ndinkaopa kuti andikhulupirira. Tsopano ndinaona kuti sandikhulupirira, ndipo amayi apita.

Amalume anali munthu wosafulumira. Anatulutsa kabotolo ka fodya, ananunkhiza, n'kuyetsemula. "Achimwene," anatero, "ine ndakwera phiri ndikukankha njinga, musandibweze ndi nkhani yosapsa. Wokhwefula amadziwanso kukunga. Mpatseni."

"Katundu wa malemu sakhudzidwa."

"Wakhudzidwa kale, n'chifukwa chake tili pano. Inunso mwamugwira m'mawa uno. Mpatseni mwana."

Anandiika gitala pamiyendo. Inali yozizira, ikununkha utsi ndi chiguduli. Kachikhomo koyamba ndinakapotokolera kolakwika, nsambo n'kulendewera kwambiri. Mnyamata wina anafuula kuti, "Ikani pamutu, musenze!" Anthu anaseka. Ndinaopanso kathabwa kodzuka kaja, kuti ndikakunga kwambiri kathothoka pamaso pa onse. Choncho ndinakunga nsambo yaikulu motsika pang'ono kuposa mmene bambo ankachitira. Ndinadinikiza pamzere wachisanu, ndinatsamira khutu, ndinakunga yachiwiri. Mawu awiriwo anayamba kulimbana, kenaka kuyandikana, kenaka anagona pamodzi. Pofika pansambo yachitatu kuseka kunali kutatha. Pofika payachisanu ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe.

"Imba," anatero amalume.

Ndinali ndisanagwire nsambo yachitsulo zaka ziwiri. Zinandicheka zala nthawi yomweyo. Koma zalazo zinkadziwa kopita, ngakhale mutu wanga unalibe kanthu. Ndinaimba nyimbo yoyamba imene bambo anandiphunzitsa, imene ankaimba pakhonde madzulo aliwonse a tchuthi chija, ndipo panalibe munthu pabwalopo amene sankaidziwa. Ndinaphonya kawiri. Ndisanafike pakati, azakhali anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuyamba kulira mlongo wawo, kumutchula dzina la ubwana.

A Yotamu anaimirira. "Basi, basi. Ino ndi nyumba ya maliro." Anandilanda gitala, anaima nayo kanthawi, kenaka anandibwezera osandiyang'ana. "Khwefula," anatero.

Mlandu unathera pomwepo. Ndikufuna zilembedwe kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa amayi, tsiku limenelo kapena pambuyo pake. A Yotamu anangoti nkhani yamveka, azakhali anabweza mwana ngati akubweza lichero lobwereka. Lufeyo, amene sanadziwe n'komwe kuti akuzengedwa mlandu, anamva nkhaniyo kumsika. Amalume ndi amene ananyamula Gidiyoni panjinga kupita naye kuchipatala cha mishoni, kumene anati ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo ana ambiri anali nacho chaka chimenecho. Tikiti ya kuchipatalako ndinaisunga. Gidiyoni anachira, ndipo lero ali ndi zidzukulu. Pa tsiku logawa katundu gitala inapatsidwa kwa mwana wamwamuna wa a Yotamu, amene sankadziwa ngakhale koigwirira, ndipo mvula yotsatira inaipeza itatsamira khoma, nsambo zili gwa. Yanga ndinadzagula nditayamba uphunzitsi, ndipo kuyambira pamenepo sindinagonepo tsiku osaigwira, kupatula masiku a maliro ndi a uchembere.

Madzulo a tsiku la mlandu ndinkayembekeza ndodo. Amayi anandiitana kukhitchini, ananditenga dzanja, n'kuyang'ana zala zodukaduka zija. Anazipaka mafuta a nsatsi.

"Amayi, mundikhululukire. Ndinachedwa."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Mtondo unaubweza chozondoka, ndipo diresi lako linali ndi dzimbiri."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Mwana akanafa, akanati wapha ndiwe. Ine ndikanapita ku Bwanje, kwathu. Iwe ukanapita kuti?"

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndinapulumutsa amayi, ndipo ndinkanyadira. Ndakula ndaona kuti tinali awiri okhala chete m'nyumba imodzi, pa chinthu chimodzi, masiku omwewo. Ine ndinkasunga khungu langa, iwo ankapereka lawo. Kunja kukhala chete kwathu kunkaoneka kofanana, ndipo anthu akuluakulu a mudzi wonse sanathe kusiyanitsa. N'chifukwa chake zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, mwana akakana kuyankha mlandu sindinkathamangira ndodo. Ndinkayamba ndafufuza kuti akubisa ndani, iye mwini kapena wina.