Anamuchotsa Mwana Wanga pa Benchi la Gemu

Mayi anga anandichenjeza ndili mtsikana, tisanawoloke kubwera kuno ku Nsanje. "Ukapita pa maliro," ankatero, "usataye maso pa amene akudzigwetsa pansi. Ameneyo ali ndi omugwira. Uziyang'ana amene akuwaza nkhuni, akutunga madzi, akufunsa ngati alendo adya." Ndinkaona ngati ndi nkhani za akuluakulu. Sindinkadziwa kuti tsiku lina wowaza nkhuniyo adzakhala mwana wobala ine.

Ndinene poyamba kuti ine sindikhulupirira munthu. Wogulitsa nsomba za makakana akati ndi za lero, ndimanunkhiza ndekha. Wa kabaza akati njira ndi yabwino, ndimatsika n'kuyenda pansi. Choncho zimene ndikulembazi sindinachite kumva. Ndinaona ndi maso angawa.

Chaka chimene madzi anatilowera m'nyumba kumadambo a kwa Nyachikadza, mwana wanga wamwamuna anatikweza mu mwadiya, bwato lathu lija losema pamtengo: ine, mkazi wake, ndi kamtsikana kawo, mdzukulu wanga yekhayo. Kunali masana, dzuwa likuoneka ndithu. Chimtengo chobwera ndi madzi chinagunda mwadiya n'kuugudubuza. Mpongozi wanga anagwira bango. Mwana wanga anandigwira ine ndi dzanja limodzi, mwana wake ndi linalo. Dzanja limene linagwira ine silinataye.

Zimenezi palibe amazinena pamaso panga, koma ndimadziwa kuti akuzidziwa. Nkhalamba inatsala, mwana anapita.

Anthu anafufuza m'mabango, m'zitsamba za nyika zija za m'madzi zimene timadya mizu yake, mpaka kumunsi kumene madzi amasiya ng'ombe zakufa. Mtembo sunapezeke. Kwathu zikatero timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu ya wotayikayo, timaliika m'manda ngati munthu, kuti olira akhale ndi polira, kenako timete tsitsi maliro atseke. Akuluakulu atamuuza zimenezi, mwana wanga anayankha mawu amodzi a Chisena: "Nkhabe." Ayi.

Mkazi wake analira mpaka mawu anauma, ndipo abale ake anadzamutenga kupita naye kwawo kutsidya kwa mtsinje. Ife tinasamukira kumtunda, pafupi ndi msika. Mwana wanga sanagwetse msozi. Anaumba njerwa zathu, anaumbanso za anthu ena. Ankasenza matumba a chimanga awiriawiri. Ndiye anthu anayamba kumutama. "Uyu ndiye mwamuna! Mayi, munabala chitsulo!" Ankandiuza choncho akumwetulira, ngati akundiyamikira mbuzi yonenepa. Ndinkafuna kuwalavulira m'maso.

Kuno munthu akabereka timasiya dzina lake, timamuitana kuti bambo wa uje, kutchula mwana wake. Madzi atapita, anthu anachita mantha kumuitana choncho. Anangomusiya wopanda dzina, "achimwene," "bambo inu." Kenako ndinayamba kumva anyamata a pamsika akumukuwira dzina lachilendo, lachizungu, lovuta m'kamwa, iye n'kumatembenuka. Ndinafunsa kuti dzinalo n'la ndani. Anandiuza kuti n'la munthu wa m'gemu.

Ndinamutsata tsiku lina dzuwa lili pamutu. Analowa m'kanyumba ka malata kuseri kwa ogulitsa mbatata, mmene muli kanema wa magetsi a sola, mmene ana a sukulu amakathera masana. Munali kutentha ngati mu uvuni. Ndinaima pakhomo.

Mwini kanyumbako, mnyamata wa ndevu amene ndinamudziwa ali wosavala, anaseka. "Agogo, mwabwera kudzamenya nawo?"

"Ndikayamba kumenya ndiyambira iwe," ndinatero. "Sendera."

Pa kanemapo panali chimunthu chachikulu, mapewa ngati a ng'ombe yokoka ngolo, nkhope yonse yophimbidwa ndi chitsulo, chitanyamula nyundo yaitali. Adani ankachilasa mivi, icho n'kumangoyenda, mivi ili mumsana. Chikamenya nyundo pansi, makoma ankagwa. Sichinkafuula, sichinkabuula, sichinkayankhula. Mwana wanga anali pa benchi pakati pa ana aja, atagwira kachipangizo ka mabatani, ndipo chimunthucho chinkapita kumene zala zake zikuchituma.

Anamenya pang'ono, n'kufika pamalo popanda adani. Pamenepo anaika kachipangizo kaja pamwendo, manja n'kuwasiya pa mawondo.

Ana anayamba phokoso. "Dinani, achimwene! Mwagona?" Wina akuti, "Ayambanso mapemphero awo aja!" Wina, "Wanyundoyo akufuna magazi, si wa kwaya ameneyo!"

Mwana wanga sanawamve. Ine ndinayang'ana kanema. Chimunthu chija, chitasiyidwa chopanda wochikankha, chinaima kanthawi. Kenako chinatsamiritsa nyundo, chinakhala pamwala, chinapisa dzanja m'lamba n'kutulutsa kabelu kakang'ono, konga kamene ena amamangirira mbuzi m'khosi. Chinakagwedeza pafupi ndi khutu lake lachitsulo. Kabeluko sikanalire. Mapewa aja anakwera, anatsika, anakwera, anatsika. Ndipo mapewa a mwana wanga ankakwera ndi kutsika chimodzimodzi. Chiyambire tsiku la madzi, kanali koyamba kumuona atakhala pansi manja opanda ntchito.

Ndinatuluka asanandione, ndinamukokera mwini kanyumba panja.

"Munthu wa pa kanema uja chinamuchitikira n'chiyani?"

"Ndi ngwazi, agogo. Palibe angamugwetse."

"Sindikufunsa za mphamvu. Kabelu kaja n'ka ndani?"

Anakanda ndevu. "Poyambirira amaonetsa kuti anapita kunkhondo, pobwera anapeza mudzi wonse watha. Kabeluko kanali ka mwana wake. Koma pamenepo ana amangodumphapo, n'pochedwetsa."

"Anaika maliro?"

"Maliro a chiyani, agogo? Ndi gemu."

"Ndiye akatha kupha onsewo amapita kuti?"

"Imatha basi. Timayambiranso."

Ndinakwiya njira yonse yobwerera. Ndinakwiyira amene anapanga chimunthu chimenecho, kaya ali dziko liti. Ankadziwa bwinobwino kuti munthu wawoyo ndi wovulala mkati, koma anamuveka chitsulo kunkhope, anamupatsa nyundo, n'kumugulitsa kwa ana kuti azimuombera m'manja. Chisoni chake anachibisa pamalo poti achione yekhayo amene wasiya kudina. Koma ndikunena zoona, ngakhale sindiwakhulupirira: anamupatsa mwala wokhalapo. Pamudzi pathu palibe anapatsa mwana wanga ngakhale mwala.

Sindinauze munthu. Masiku amenewo mwana wanga akabwera ku kanyumba kuja ankadya. Tsiku lina anandifunsa ngati ndinasunga diresi la mwanayo, la maluwa, limene ndinalipeza litakodwa pamtengo madzi ataphwa. Ndinati ndinasunga. Anagwedeza mutu n'kutuluka. Ndinaona kuti chinthu chayamba kusungunuka, pang'onopang'ono, ngati mchere m'ndiwo. Chinkafunika kungochisiya.

Koma msika ulibe chinsinsi. Nkhani inafika kwa alamu anga, akulu ake a malemu mwamuna wanga, amene kwathu ndi eni mbumba, komanso ndi mkulu wa mpingo. Anaitanitsa abale pansi pa mtengo wa bwemba. Mwana wanga anamukhazika pakati.

"Tinkamutama kuti ndi mwamuna," anatero alamu angawo, "osadziwa kuti watichititsa manyazi. Mwana wake sanamuike, ife mitu sitinamete, iye ali pa benchi ndi ana a sitandade, akuseweretsa zidole."

Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu sindinawagwaditse. "Alamu, musiyeni. Kumene kuja sakusewera ayi. Ndinapitako."

Anthu anaseka. "Mlamu, nanunso mwayamba magemu? Tikugulireni kabudula?"

"Ndikuti mwanayu akulira kumeneko. Mukamuchotsa azikalira kuti?"

"Akulira? Misozi yake munaiona?"

"Sindinaione."

"Ndiye khalani pansi. Akazi munalira kale. Zatsalazi n'za amuna."

Ndinayang'ana mwana wanga kuti anene kanthu. Anangoyang'ana nyerere pansi. Ndinamulera ine mwana ameneyu kuti asamayankhe akulu, ndipo tsiku limenelo sanayankhe.

Tsiku lomwelo alamu anga anapita okha ku kanyumba kuja, atavala jekete la kutchalitchi pa dzuwa lonse lija, kukauza mnyamata wa ndevu kuti akadzamulowetsanso mwana wanga, kanyumbako kadzatsekedwa ndi a mudzi. Anatchulanso tsiku loika thunthu la nthochi. Sanafunse mwini mwana ngati wakonzeka. Ankati akumuthandiza. Ankati maliro osatseka amaitana ena.

Mwambowo ine sindiutsutsa. Ndinaikapo nthochi ya mchimwene wanga amene anatengedwa ndi ng'ona, ndipo inatithandiza. Koma nthochi imaikidwa pamene mwini wavomera mumtima kuti wotayikayo sabweranso. Ukaika mwini asanavomere, wangokwirira nthochi basi.

Tsikulo mwana wanga anadula yekha thunthu. Anakumba yekha manda, ena akangogwira khasu iye n'kulanda. Anabwera kwa ine, anatambasula manja, ndinamupatsa diresi lija. Anakulunga bwinobwino, anatsitsira m'dzenje, anakwirira. Mkazi wake, amene anabwera ndi abale ake, anakomoka. Mwana wanga anatunga madzi n'kupatsa omutsira. Nkhope ili gwa. Ndipo ndinamva ndi makutu anga anthu omwe aja, omwe anamunyoza pansi pa bwemba, akunong'onezana kuti, "Koma ndi mwamuna uyu. Walimba mtima." Alamu anga anamugwira paphewa. "Waona? Zatha tsopano."

Tinameta. Tsitsi linamera. Mpongozi wanga anabwerera kutsidya, ndipo sindimudzudzula, munthu sungagone pafupi ndi khoma. Aliyense anabwerera ku ntchito zake, wokhutira kuti maliro anayenda mwadongosolo.

Ine ndi amene ndimakhala naye m'nyumba. Za diresi sanafunsenso, poti lili pansi. Chakudya amangochilawa. Ku kanyumba kuja sanapondekonso. Ndinapita ndekha kukamunyengerera mnyamata wa ndevu, iye n'kundiuza kuti, "Agogo, ine ndingamulowetse chakuseri, koma akandiona panjira amapatuka." Akulu analetsa, ndiye kwa iye zinaletsedwa.

Tsopano m'mawa uliwonse amatenga khasu, akuti akupita kudimba, kumunsi kumene tinkakhala kale. Amabwera dzuwa litapendeka. Ndimayang'ana khasulo. Limabwera loyera, lopanda dothi ngakhale pang'ono. Mayi wina wokumba nyika anandiuza kuti amamuona ataima m'mphepete mwa madzi, osawedza, osalima, atangoima. Ndikamuitana ndi dzina lija loti bambo wa uje, poti ine ndekha sindinalisiye, amatseka maso ngati ndamuwaza tsabola, koma amavomera. Tsiku limene adzasiye kuvomera, sindikudziwa chimene ndidzachite.

Ndinapita kwa alamu anga kukawauza za khasu. Anati ndimakayikira chilichonse, ndi khalidwe langa kuyambira kale. Anati ndipemphere. Ndimapemphera. Koma miyendo yanga inatupa, kudimba kuja n'kutali, ndipo ndikayesa kumutsata ndimathera pa mlambe wa panjira, iye atapita kale.

Kupempha sindinazolowere, ndipo sindikupempha mokondwa. Koma inu amene mwawerenga mpaka pano, ngati muli a kuno kuchigwa, kapena mukudutsa kupita kumunsi, patukani mudzandione. Mubwere m'mawa, asananyamule khasu. Ndikakulandirani ndi nkhope yoipa, ndikayamba kukufunsani kuti ndinu a kwa yani ndipo mwatumidwa ndi ndani, musabwerere pakhomo, khalani pansi. Mukamupeza mwana wanga musamuuze kuti ndi wolimba, amuuza kokwanira. Ndipo ngati muli ndi njinga, mubwere nayo, mundikweze mukanditule kumtsinje kuja, ndikakhale pafupi naye.