Nsenga za m'ndowa ya buluu

Achimwene a Lufeyo, lero ndaiona ndowa ya buluu ija, mtima wangoti myuu. Paja nthawi ya korona, atatitsekera m'chipinda ku Rawdat Al Khail, kunja kuja tinkagwira ntchito, koletsa mowa, munkafululiramo mowa mobisa. Mukasefa, nsenga zotsalira pansi munkazimanga m'jumbo n'kukataya kutali, mumvekere, “Fungo ndi kazitape, a Phiri, kuno si kwathu.”

Tsiku lina tinapeza ndowa itatsukidwa kale, nsenga mulibe. Tinalimo anthu anayi, koma palibe anavomera. Mawa lake supavaiza wa kuntchito uyo, jumbo ya nsenga ili m'manja. Anakukwezani ndege, ndipo kumudziko simunathe chaka. Gonani, achimwene, ine sindinagone nayo nkhaniyi. Anzathu awiri aja onse awerenga izi. Ndikungodikira ndione amene ayambe kulemba kuti pepani.