Mawu a Mlongo Wanga M'filimu ya Malova

Filimuyo ndi yachabechabe, ndipo ndinene poyamba pomwe kuti wina asayese ngati maliro anandisokoneza mutu. Ndi nkhani ya malova awiri akunja, wina wonenepa wina wowonda, amene aitanidwa kuti akayesedwe ntchito pamalo otsukira magalimoto. Buluku labwino ali nalo limodzi lokha awiriwo. Kuyambira pomwe ikuyamba mpaka kutha akungokangana kuti avale ndani, akusuta fodya wamkulu, akuphwisa m'basi, akutsekeredwa m'chimbudzi cha eni, ndipo kuntchitoko safikako. Akazi onse m'menemo ndi olalata, kapena ongodutsa kuti anyamata awaimbire likhweru. Pakati pake pali gawo lalitali lotopetsa limene ndikukhulupirira kuti ngakhale amene anaipanga ankaodzera.

Komatu kwathu kuno, kuchokera pa Chimbiya mpaka kulowa mkati kwa Kaphuka, n'kovuta kupeza wometa tsitsi amene alibe filimuyi m'foni. Sikuti anthu amakonda azunguwo ayi. Amakonda mawu a Chichewa amene anaikidwa pamwamba pawo, ndipo mawuwo ndi a mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, amene tinamuika m'manda zaka zitatu zapitazo.

Sukulu anasiyira Fomu 2. Anadzipezera malo m'kashopu kena pa Chimbiya kumene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu. Kuseri kwa katani kunali kompyuta yakale ndi maikolofoni yomangidwa ndi mphira wa njinga. Filimu ikamayenda, iye ankatsitsa mawu a eni ake n'kumalankhula Chichewa m'malo mwa onse: mwamuna, mkazi, wapolisi, ngakhale galu. Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake limodzi, lakuti pasakhale zii. Anthu a m'filimu akakhala chete, womasulira amapereka moni kwa anzake, amatchula amene wataya mbuzi, amanyoza timu imene yagonja, bola pakamwa pasatsekeke.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi ku pulayimale. Zomasulira zakezo zinkandiwawa m'makutu.

“Iwe, apa sananene zimenezo,” ndinamuuza tsiku lina atandionetsa kachigawo. “Mzunguyu wangonena kuti basi yachedwa.”

“Achemwali, iwo akunena zawo, ine ndikunena zathu,” anayankha. “Basi kuchedwa ndi nkhani imeneyo? Ndani angaseke?”

Wonenepa uja anamusandutsa wa ku Lobi, wolima nyemba amene sanaonepo tauni. Wowonda anakhala wa pa Chimbiya pomwepo, wochenjera pakamwa koma m'thumba muli mbee. Buluku lija anati ndi la amalume awo limene anavala tsiku la ukwati. Zotukwana anaonjezeramo zake, zina zoti ine sindingalembe pano, ndipo ndinkachita manyazi kuti makolo a ana amene ndimaphunzitsa akudziwa kuti pakamwa pamenepo ndi pa mbale wanga.

Chaka chimenecho kachewere anachita bwino. Bambo athu anamwalira kalekale, ndiye munda wonse unali pa amayi, amene msana unali utayamba kale kuwavuta. Loweruka lina masana ndinawapeza akukumba okha, atamanga chitenje m'chiuno kuti msana ugwire. Mtima unandiwira. Ndinakwera kabaza mpaka pa Chimbiya, ndinalowa m'kashopu kaja osapereka moni, n'kukoka katani.

“Lova iwe! Amayi akukumba kachewere okha, iwe uli pano kutukwanizana ndi azungu. Kagwire ntchito ngati anzako!”

Ndinatuluka, chitseko n'kumenyetsa. Sindinadziwe kuti maikolofoni inali yoyatsa. Iye sanafufute. Mawu anga anakhala momwemo, chakumapeto kwa filimu, pamene malova aja akhala m'mbali mwa msewu kugawana buledi.

Sabata yotsatira anasiya kashopu kaja n'kuyamba kukweza matumba a kachewere palole ya vendala wina wopita nawo kutauni. Ndinasangalala, ndisaname. Ndinamugulira jekete ya pakaunjika chifukwa pamwamba pa lole pamazizira. Anagwira miyezi iwiri ndi theka. M'mawa wina wa chifunga chambiri, lole inalephera potsetsereka n'kugubuduzika. Iye anali pamwamba pa matumba, ndipo anamupeza pansi pake.

Patapita mwezi chichitikireni maliro ndinakwera minibasi kupita kuboma. Pasiteji ina woitanira anali kuvutana ndi kondakitala, ndiye kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa ndi mawu achikazi: “Kagwire ntchito ngati anzako!” Minibasi yonse inafa nacho chikhakhali. Mayi amene ndinayandikana naye anandigunda ndi chigongono kuti nane ndiseke. Palibe amene anadziwa kuti mwini mawuwo ali pampando wachitatu, atanyamula makope a ana.

Kuyambira pamenepo mawuwo sanandisiye. Ndinawamva pamsika, pachigayo, pabwalo la mpira. Mwana wa m'kalasi mwanga anauza mnzake amene sanasese mawu omwewo, ndipo ndinamukalipira mopitirira mlandu wake. Choopsa kwambiri chinali kudutsa pa ometa tsitsi. Umangoyenda, ukuganiza za sopo ndi mchere, mwadzidzidzi mlongo wako wakufa akuseka kuchokera musipika, akuuza wina kuti buluku la amalume lang'ambika pamalo osayenera. Ndinkaima pakati pa njira ngati nkhuku yonyowa. Kangapo ndinatembenuka ndithu kuti ndimuyankhe.

Mauthenga ake a mawu pafoni ndinalibe. Ankanditumizira ambiri, aataliatali, ndipo foni ikadzaza ndinkayamba kufufuta ake, ena osamvetsera n'komwe. Choncho tsiku lina ndinadzichepetsa n'kupita kukashopu kuja. Mwini wake sanandifunse kanthu. Anatenga foni yanga, anaika filimuyo, n'kundibwezera ndi manja awiri.

Ndaionera kambirimbiri, mwina kuposa ometa tsitsi onse aja, ndiye ndili ndi ufulu wonena zabwino zake. M'filimuyi mulibe mfuti ndipo safa munthu. Malova awiriwa amanamizana, amatukwanizana, amaberana fodya, koma palibe amene amasiya mnzake. Wonenepa akakanirira pawindo, wowonda amabwerera kudzamukoka ngakhale agalu akubwera. Ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mlongo wanga anali ndi khutu. Ankadziwa mmene munthu wa njala amayankhulira akafuna kuoneka ngati wakhuta, mmene mkamwini amatsokomolera pakhomo la apongozi. Ndi Chingerezi changa chonsecho sindikanatha kuseketsa munthu mmodzi ndi basi yochedwa ija.

Koma nthawi zonse malova aja akangokhala pansi ndi buledi wawo, ndinkazimitsa. Ndinkadziwa chimene chikubwera. Zaka zitatu sindinadutse pamenepo ngakhale kamodzi.

Amayi ndi a kolona m'manja, osajomba kumphakati. Filimu sanaonerepo ndipo foni yawo ndi ya mabatani. Chimene ankadziwa n'chakuti mwana wawo anadzuka tsiku lina n'kunena kuti wakula, akufuna ntchito ya amuna. Kawirikawiri, tikukhala phee, ankangoyamba okha: “Koma chinamulowa n'chiyani mwana uja kuti akakwere lole? Iye uja woopa ngakhale makwerero?” Ine ndinkayang'ana pansi. Ndinali ndi mantha, mantha enieni, kuti tsiku limene adzamve mawu anga aja adzandiyang'ana mwa mtundu wina mpaka kufa kwawo.

Chaka chino anayamba kudandaula zina. “Nkhope ndikuiona pachithunzi,” anatero, “koma mawu andithawa. Ndikafuna kukumbukira mmene ankanenera kuti odi, kukubwera mawu a bambo ako.” Kenako amayi ena a kumphakati anawauza kuti mwana wawo akuyankhulabe m'mafoni a anthu.

“Akuti uli nayo iwe,” anandiuza.

“Amayi, muja muli zolaula zokhazokha. Si zoti inu mungamve.”

Anandisiya. Patapita sabata anafunsanso, ndipo ndinati foni ilibe moto. Ulendo wachitatu ndinati khadi yawonongeka. Bodza lililonse ankalilandira ndi mutu, osatsutsa, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Loweruka lina mu Julaye ndinapita kukawaona. Chifunga sichinachoke tsiku lonse, moti phiri la kuseri kwa nyumba silinkaoneka. Tinakhala pakhonde, iwo akusankha nyemba m'lichero, ine ndikuwathandiza. Sanakweze mutu.

“Mwana wanga, zotukwana ine ndinayamba kuzimva iwe usanabadwe. Agogo ako aamuna ankatukwana ng'ombe mpaka zinkachita manyazi. Usandibisire mwana wanga chifukwa cha zimenezo. Yatsa.”

Ndinaganiza kuti ndiwaikira poyamba pokha, kenako ndinene kuti moto watha. Ndinatsamiritsa foni pamtondo n'kuyatsa.

“Odi, odi kumeneko, akuluakulu ndi ana omwe!” anatero mlongo wanga, monga ankayambira filimu iliyonse.

Lichero linapendekeka ndipo nyemba zinamwazika pansi. Amayi sanaziyang'ane. Anangoti, “Eya. Ndi yemweyo.”

Zithunzi sanasamale nazo. Anatembenuzira khutu kufoni, maso ali kuchifunga. Pa zotukwana zoyamba anagwira pakamwa. Pa zachiwiri anati, “Mwana wopanda mwambo,” koma mapewa akugwedezeka. Pofika pamene wonenepa akuphwisa m'basi, mlongo wanga n'kulengeza kuti nyemba za ku Lobi zafika kunja, amayi anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinathe kusiyanitsa kuti ndi iti ya kuseka. Gawo lotopetsa lija iwo silinawatopetse. Ine ndinaiwala bodza langa la moto, kapena ndinalibe mtima wolinena.

Kenako malova aja anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Buluku linali litang'ambika pakati, aliyense atatsala ndi mwendo umodzi. Wonenepa anatulutsa buledi. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira ndi lolimba.

“Siya.”

Mlongo wanga anali akupereka moni kwa akabaza a pasiteji. Kenako katani inakokedwa, ndipo mawu anga anatuluka, akuthwa kuposa mmene ndinkawakumbukirira. Lova iwe. Amayi akukumba kachewere okha. Kagwire ntchito ngati anzako. Chitseko chinamenyetsedwa.

Ndiye panali zii. Iye amene sankalola kuti pakhale chete anakhala chete. Pafoni wonenepa ananyema buledi n'kupatsa mnzake mbali yaikulu, popanda womuyankhulira. Ndinkamva mpweya wa mlongo wanga pamaikolofoni, ukulowa, ukutuluka. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno kumene ankaseka ali mwana akagwidwa ndi shuga m'manja.

“Mwawamva? Amenewo ndi achemwali anga, aphunzitsi. Musawaope, ndi okoma mtima, kungoti pakamwa m'pamene pali tsabola. Komanso sakunama. Amayi, pepani, mawa ndibwera ndi khasu. Lolemba ndikukasaka ntchito. Koma lero, abale anga, tiyeni timalize kaye, tione ngati anyamatawa afike.”

Sanafike, inde. Filimu inatha malova ali pamsewu pomwepo, mayina a eni ake akukwera, mlongo wanga akutsanzika.

Sindinathe kuwayang'ana amayi. Ndinagwada n'kuyamba kutola nyemba imodziimodzi, ndipo ndili chogwada choncho ndinati, “Ndine ndinamutuma, amayi. Mwamva nokha.”

Nkhuku inabwera kudzajompha nyemba ndipo palibe amene anaiingitsa.

“Anabweradi ndi khasu,” anatero. “Lamulungu, titachoka kutchalitchi. Anakumba mizere itatu n'kuyamba kudandaula matuza.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Iwe ukuyesa unali wekha? Mawu amenewo ine ndinkamuuza m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe. Kungoti anga sanajambulidwe. Zaka zitatu ndakhala ndikufunsa kuti chinamulowa n'chiyani, kuti mwina wina andiuze kuti si ine.”

Ndinalira pamenepo, kulira kumene sindinalire pamaliro. Iwo sananditonthoze. Anatenga foni pamtondo, anaiyang'ana uku ndi uku posadziwa pogwira, n'kundipatsa.

“Bweza.”

“Kuyambira poyamba?”

“Ayi. Pamene wamenyetsa chitsekopo. Ndikufuna pamene akupuma paja.”