Kachere wa Mawanga

Ndinaupeza pa dzala la kuseri kwa nyumba ya bwana, utagona chammbali pakati pa phulusa ndi zitini zadzimbiri, mizu yake itafumbata dothi louma gwa. Unali mtengo waung'ono, wongondifika m'chiuno, wa masamba osongoka ngati a kachere wa kudambo, koma tsamba lililonse linali lobiriwira pakati pokha, m'mbali monse muli mbuu ngati wina walidonthezera mkaka. Ambiri anali atayoyoka, ndipo otsalawo anali atalendewera. Mtengowu ndinkaudziwa. Ndinkauonera patali uli mumphika wonyezimira pakhonde la dona, ndikamapita kukawapatsira amalume chinangwa chophika, poti iwo ankagwira ntchito kukhitchini ya nyumbayo. Chaka chimenecho dona anadwala nabwerera kwawo, bwana anamutsatira, ndipo pokonzera nyumba mzungu watsopano antchito anasunga mphika koma mtengo anataya. Amalume anati ndiutenge ngati ndikufuna nkhuni. Ndinaukulunga mizu ndi tsamba la nthochi, ndinausenza.

Makolo anga anawoloka mtsinje wa Ruo kuchokera kwa Apwitikizi ine ndisanabadwe, ndipo tinkakhala m'dziko la esiteti ya tiyi, kuno ku Thyolo. Malo a nyumba ndi kamunda ka nandolo tinkalipira ndi thangata, ntchito yogwirira mwini dziko. M'mudzi mwathu munalibe mtengo wobzala munthu, ngakhale mango kapena papaya, chifukwa wobzala mtengo ankaoneka ngati akuti dziko ndi lake, ndipo nyumba ya munthu wotero inkatha kugwetsedwa tsiku lililonse. Ababa ankagwira ku nazale, kumene ankathirira mbande za tiyi pansi pa zisakasa za udzu. Atandiona ndikulowa ndi katundu wangayo anati mtengo wa mumphika palibe angatizengere mlandu, koma ndisayerekeze kuukumbira pansi. Amayi anandinyoza m'Chilomwe, chinenero chimene ankasungira mkwiyo ndi mapemphero, komabe anandiponyera mtsuko wawo wakale wothyoka kukamwa.

Ndinaukonda mtengowo mopusa, monga mwana amakondera kankhuku mpaka kukafinya. Ndinkauthirira m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ndikamwa madzi ndinkausiyirako. Masamba anayamba kuchita chikasu, kenako ankangogwa okha munthu akadutsa pafupi, dothi likununkha ngati matope a m'dambo. Ndinaganiza kuti ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Ababa anandilekerera mpaka Lamulungu lina titachokera ku tchalitchi. Anazula mtengowo, nandionetsa mizu yakuda yoterera, naidula ndi mpeni. Anaboola mtsuko pansi ndi msomali, anaikamo timiyala ndi makala, nathira dothi lakuda la pansi pa mitengo ya kukhwawa. Atatha anagwira chala changa nachilowetsa m'dothimo mpaka pakati.

"Chikatuluka dothi litamata, usiye, wakhuta," anatero. "Chikatuluka choyera, thirira mpaka madzi atulukire kunsi. Mtengo umamira ngati munthu."

Anausunthanso kuuchotsa padzuwa, nauika pakhonde la kum'mawa, chifukwa ati mbali yoyera ya tsamba ilibe mphamvu ndipo imapsa msanga.

Kunja kwa mpanda wathu nkhani inali itayamba kale. Mayi wina woyandikana nafe, amake Esinati, anauza amayi anzake kuchitsime kuti mtengo wa mawanga oyera ndi wa khate, ndipo n'chifukwa chake dona anadwala. Mawu amenewo anayenda mudzi wonse ngati moto wa lupsa. Esinati, mnzanga wa phada, analetsedwa kulowa pakhomo pathu. Ana ena ankati akandiona ndikubwera kumasanje ankanyamula timiphika tawo n'kusamukira kwina, ndipo ndinkasewera phada ndekha pakhonde, ndikuponya mwala m'mwamba, mtengo wa masamba owerengekawo uli phee pambali panga. Amayi sankakhulupirira za khatezo, koma ankati alendo ngati ife sitisowa chotinenera, nanga ine ndikuwawonjezeranji anthu nkhani?

Kenako chilimwe chinafika pachimake. Fungo la tiyi wofota lochokera kufakitale, limene tinkagona nalo ndi kudzuka nalo miyezi ya mvula, linazilala, ndipo m'malo mwake munadzaza fumbi lofiira ndi utsi wa bulugamu. Mizere ya tiyi inachita mbuu m'mapiri monse, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Chitsime chathu chinaphwa. Madzi tinkakatunga kukasupe wa kunsi kwa chigwa, ndipo pobwerera, chitunda chake chinkanjenjemeretsa miyendo, nkhata itanyowa ndi thukuta. Amayi ananena poyera kuti madzi a mumtsuko wawo ndi a anthu. Choncho ndinkati ndikatula mtsuko wa pakhomo, ndinkatsikanso ndekha ndi chipanda, dzuwa lili paliwombo, nthaka ikuwotcha mapazi. Ndinkasunganso madzi otsukira nandolo. Madzulo ndinkanyowetsa kansanza n'kupukuta fumbi pa masamba ochepa amene anatsala, limodzilimodzi. Masabata anapita popanda kusintha kulikonse. Ndikadandaula, ababa ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwo ndinkadana nawo.

M'kati mwa kutenthako ndinagwidwa ndi malungo. Ndinagona pamphasa masiku angapo, mutu ukuwaza, ndipo ndikatsitsimuka ndinkalirira mtengo wanga, podziwa kuti palibe angatsike chigwa chija chifukwa cha iwo. M'mawa umene thupi linazizira, amayi anandidzutsa nandigwira mkono kunditulutsa panja. Pansonga ya nthambi iliyonse panali kamphukira kopindika, ndipo kamodzi kanali katatambasuka kale, katsamba kofewa konyezimira, koyera pafupifupi konse. Dothi linali lonyowa bwino. Ndinayang'ana amayi, ndipo ndinaona kuti chala chawo cha mkombaphala chinali ndi dothi lakuda m'chikhadabo. Anabisa dzanjalo m'nsalu n'kundiuza kuti ndikasambe kumaso.

Mvula yoyamba isanagwe mtengowo unali utavala wonse, ndipo unkawala pakhonde lathu la udzu moti odutsa m'njira ankacheuka. Anauonanso kapitawo wa dera lathu, bambo wamtali woyenda ndi ndodo, amene ankalemba anthu a thangata ndi kuloza nyumba zoti zigwetsedwe. Anabwera m'mawa ababa atapita kale ku nazale, naima pabwalo osapereka moni, nanena kuti mtengowo ndi katundu wa kunyumba ya bwana, ndipo akautenga kuti akaupereke kwa dona watsopano. Ine ndinakumbatira mtsuko. Anthu anayamba kusonkhana kumpanda, amake Esinati ali patsogolo. Tonse tinkadziwa kuti kukangana ndi kapitawo kunali kusewera ndi denga la nyumba yako.

Amayi anatuluka m'nyumba, anagwada mwaulemu wonse, nawomba m'manja.

"Mwatithandiza, a kapitawo," anatero mofatsa. "Mudzi wonse ukuti mtengowu ndi wa khate, ndipo ndi umene unadwalitsa dona uja. Afunseni amake Esinati apo. Ife tinasowa wotichotsera. Koma muunyamule nokha, ndipo mukakafika mukawauze adona atsopanowo mbiri yake."

Kapitawo anatembenukira kumpanda. Amake Esinati, amene sakanatha kubweza mawu awo pamaso pa anthu onse amene anawauza, anavomera kuti zinalidi choncho, nawonjezera kuti ngakhale mwana wa m'nyumbamo wangodzuka kumene pamphasa. Bamboyo anayang'ana masamba oyerawo, nayang'ana nkhope yanga yowonda ndi malungo. Dzanja limene anali atatambasula analibweza pang'onopang'ono nalipukuta pa kabudula. Ananena kuti alibe nthawi yolimbana ndi zinyalala za pa dzala, natuluka pabwalo mofulumira kuposa mmene analowera. Amayi anakhalabe chogwada mpaka ndodo yake inasiya kumveka m'njira, kenako anagwira pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Woyamba kuseka mokweza anali amalume ake a Esinati, ndipo kuseka kunafalikira mpanda wonse, mpaka amake Esinati nawo anaseka, misozi ili m'masaya. Madzulo ake Esinati anabwera ndi miyala yake ya phada, osatumidwa ndi munthu, ndipo ababa anaimva nkhaniyo katatu kwa anthu osiyanasiyana asanafike n'komwe pakhomo.

Patapita zaka zingapo tinachoka pa esiteti n'kukapeza malo athuathu cha ku Khonjeni. Mtsuko uja ndinausenza ndekha ulendo wonse, ndipo titafika ababa anauswa ndi khasu, mtengo tinaukumbira pansi. Lero ndi waukulu moti anthu a pamaliro a ababa, kenako a amayi, anakwana mumthunzi wake. Nthambi zina zimabwerera kukhala zobiriwira zokhazokha, ndipo ndimatuma adzukulu kuti azidule zisanapondereze za mawanga. Kumene kunali mudzi wathu wakale kuli tiyi yekhayekha, sungaloze ngakhale pamene panali khonde, ndipo amene tinkadziwa kulira kwa ndodo ya kapitawo tatsala owerengeka.

Ndakhala ndikulingalira chifukwa chake chilimwe chimenecho chimandikomera kuchikumbukira, chikhalirecho chinali cha ludzu, malungo ndi kusalidwa. Ndinakulira pakati pa anthu amene anazolowera kuti chilichonse chili m'manja mwawo n'chobwereka, munda, nyumba, ngakhale masiku a moyo wawo. M'mawa wa kapitawo uja ndinaona koyamba munthu wamphamvu akubwera pakhomo pathu kudzatenga chinthu, n'kubwerera chimanjamanja, amayi anga atamugonjetsa ali chogwada.